Ludzu limene lidayamba mwana asanadziwe kulankhula

Anthu amene amathandiza zidakwa ndi omwe adakodwa mu mankhwala osokoneza bongo ku Ulaya ndi ku America akhala akuona chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Pakati pa odwala awo, anthu amene adachotsedwa kwa makolo owabereka adakali aang'ono n'kukaleredwa ndi banja lina mwalamulo amachuluka kuposa momwe amachulukira pakati pa anthu wamba. Ambiri mwa iwo adakulira m'nyumba zabwino, adadya, adavala, adaphunzira, ndipo owalerawo adawakonda ndi mtima wonse. Nanga ludzu limeneli lidachokera kuti? Mayankho achangu alipo awiri. Ena amati n'zakumtundu, mwana adangotengera magazi a omubereka. Ena amati khanda lililonse lolekanitsidwa ndi mayi ake limavulala mumtima ndipo balalo silipola, mowa ndi wongophimbira. Ine ndikuona kuti mayankho onsewa ali ndi mbali yoona, koma onse amalambalala chinthu chimene anthu tingathe kuchisintha. Chimene chimavulaza kwambiri ndi nthawi imene mwana wakhala wopanda munthu wake womudalira, kuphatikizapo chete amene amamangidwa pa nkhani yake pambuyo pake. Ngati zili choncho, ndiye kuti thandizo losiyitsa mowa limene limangoyang'ana botolo, osayang'ana vuto la munthuyo lokhulupirira anzake, limagwira theka la ntchito.

Tiyambe ndi kukula kwa vutolo, chifukwa pa nkhani ngati iyi n'kosavuta kukokomeza. Dziko la Sweden limasunga kaundula wa anthu ake mwatsatanetsatane, moti ofufuza amatha kutsata moyo wa munthu kuchokera pa kubadwa mpaka ku chipatala kapena ku khoti. M'chaka cha 2002, Anders Hjern ndi anzake adatsata ana opitirira 11,000 amene adabadwira kumaiko ena m'zaka za m'ma 1970 n'kukaleredwa ndi mabanja a ku Sweden. Adapeza kuti chiopsezo chodzipha chidali choposa katatu poyerekeza ndi anzawo obadwira m'dzikomo, ndipo chiopsezo cha mowa ndi mankhwala osokoneza bongo chidalinso chokwera. M'chaka cha 2012, Kenneth Kendler ndi anzake adawerenga mbiri za anthu 18,115 oleredwa ndi ena m'dziko lomwelo, ndipo 4.5 peresenti ya iwo adapezeka ndi vuto la mankhwala osokoneza bongo, pomwe pakati pa anthu onse a msinkhu wawo adali 2.9 peresenti. Kusiyanaku n'kwenikweni. Komabe chiwerengero chomwecho tikachitembenuza chikutiuza kuti anthu oposa 95 pa 100 aliwonse oleredwa ndi ena sadalembedwe m'kaundula wa vutoli. Femmie Juffer ndi Marinus van IJzendoorn a ku Leiden ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2005 adapeza zofanana: ana ochuluka oleredwa ndi ena amakula bwino, ngakhale kuti amafika kwa alangizi a za maganizo kawirikawiri kuposa anzawo. Aliyense wolankhula pa nkhaniyi ayenera kusenza mfundo ziwirizi pamodzi, osatula ina pansi chifukwa ikusokoneza zimene akufuna kunena.

Amene amati n'zakumtundu ali ndi umboni wolemera. Mu 1973, Donald Goodwin adafalitsa zimene adapeza ku Denmark: ana aamuna obadwa kwa kholo lachidakwa, amene adatengedwa ali makanda n'kukulira m'nyumba zina osalidziwa khololo, ankagwa mu uchidakwa pafupifupi kanayi kuposa anzawo oleredwa ndi ena omwe owabereka sadali zidakwa. Kafukufuku wa Kendler uja adaonetsanso kuti pomwe kholo lobereka lidali ndi vuto la mankhwala, ana 8.6 peresenti adadzakhala nalo, pomwe kwa enawo adali 4.2 peresenti. Tisaiwalenso kuti mwana sachotsedwa kwa mayi ake popanda chifukwa. Kawirikawiri pamakhala umphawi wadzaoneni, matenda a maganizo, nkhanza za m'banja, kapena mowa umene mayi ankamwa ali woyembekezera, womwe umawononga ubongo wa mwana asanabadwe n'komwe. Choncho zina zimene timazitcha zotsatira za kulekana zidayamba kulekanako kusanachitike. Koma umboni womwewo sulola kuti tiimire pamenepo. Kendler adapeza kuti nyumba yolerayo nayonso ili ndi mphamvu: pomwe munali kusudzulana, imfa ya kholo, mowa kapena milandu, chiopsezo chinkakwera, ndipo chinkakwera kwambiri mwa ana omwe adabadwa kale ndi chiopsezo cha kumtundu. Mbewu imabwera ndi chibadwa chake, koma nthaka ndi mvula ndizo zimanena kuti chibadwacho chionekera motani.

Za kulekana kwenikweniko, dziko lidayamba kumvetsera itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene idasiya ana ambiri opanda kwawo. John Bowlby, dokotala wa za maganizo wa ku London, adalembera bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lipoti la mu 1951 lonena kuti mwana wamng'ono amafunika ubale wofunda ndi wosadukiza ndi mayi ake, kapena ndi munthu mmodzi wolowa m'malo mwa mayiyo mokhazikika. Madokotala ambiri adakana. Chimene chidawagwedeza ndi kanema amene mnzake wa Bowlby, James Robertson, adajambula mu 1952. Adatsata kamtsikana ka zaka ziwiri kamene kadagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi atatu popanda mayi ake, monga lidalili lamulo la nthawiyo, ndipo ankajambula pa nthawi zomwezomwezo tsiku lililonse, wotchi ikuoneka, kuti wina asanene kuti adangosankha pomvetsa chisoni. Kamwanako kakuoneka katakumbatira chidole ndi kabulangete kake, kakufunsa za mayi ake, kenaka kakuyesetsa kumeza misozi. Atayang'anitsitsa ana ambiri otere, Robertson ndi Bowlby adaona njira imodzi. Poyamba mwana amalira ndi kukana chilichonse. Kenaka amafooka n'kukhala duu. Pomaliza amayamba kusekerera aliyense ndi kudya bwino, ndipo anamwino amati wazolowera, koma mayi ake akabwera amawayang'ana ngati mlendo. Gawo lomalizali ndilo lofunika pa nkhani yathu. Mwana amene wasiya kulira sikuti nthawi zonse watonthola. Nthawi zina waphunzira kuti kulira sikubweretsa munthu.

Pano pamabuka chitsutso chomveka, makamaka kwa ife amene tidakulira pomwe mwana amaberekedwa kumbuyo ndi mayi, azakhali, agogo ndi achemwali ake tsiku limodzi lomwelo. Kodi maganizo a Bowlby si a azungu okhala m'nyumba ya anthu atatu? Yankho lina lidachokera mu Africa mommuno. Mary Ainsworth adakhala ku Uganda mu 1954 ndi 1955 akuyendera mabanja a Aganda a kufupi ndi Kampala, kuyang'ana makanda m'makomo mwawo. Anawo ankasamalidwa ndi anthu angapo, koma pofika pakati pa chaka choyamba cha moyo aliyense ankaonetsa kuti ali ndi munthu amene amathawirako akaopa, ndipo ankakwawa kupita kukasewera kutali akadziwa kuti munthuyo ali pomwepo. Kukhala ndi omulera ambiri sikumuvulaza mwana. Chomuvulaza ndi kusowa ngakhale mmodzi amene adzakhalepobe mawa.

Umboni wowawa kwambiri udachokera ku Romania. Boma la Nicolae Ceaușescu lidaletsa kuchotsa mimba mu 1966 pofuna kuchulukitsa anthu, ndipo pamene lidagwa mu Disembala 1989 padapezeka ana oposa 100,000 m'nyumba zosungira ana, ambiri atagonekedwa m'timabedi tachitsulo tsiku lonse popanda wowanyamula. Michael Rutter ndi anzake adatsata ana 165 a ku Romania amene adatengedwa ndi mabanja a ku Britain, mpaka atakula. Amene adachoka m'nyumbazo asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi adakula mofanana kwambiri ndi ana a ku Britain oleredwa ndi ena kuyambira ukhanda. Amene adakhalitsamo kupitirira pamenepo ambiri adatsala ndi mavuto osatherapo: kulephera kukhazikika maganizo pa chinthu chimodzi, kumamatira alendo mosasankha, ndipo atakula, nkhawa ndi kukhumudwa. Ngakhale pakati pa okhalitsawo, pafupifupi mmodzi mwa asanu sadaonetse vuto lililonse. Kafukufuku wina wa ku Bucharest, amene adayamba mu 2000 ndi ana 136, adapeza kuti ana opititsidwa ku mabanja asanafike zaka ziwiri adapindula kwambiri kuposa opita mochedwa. Phunziro lake n'lomveka: kutalika kwa nthawi yosowa munthu wako ndiko kumazamitsa bala, ndipo banja lolera, likabwera msanga, ndi mankhwala.

Apa mpomwe ndikusiyana pang'ono ndi Nancy Verrier, mlangizi wa ku America yemwenso adalera mwana wa ena, amene buku lake la mu 1993 lotchedwa The Primal Wound lidafalitsa ganizo lakuti khanda lililonse lochotsedwa kwa mayi wolibala, ngakhale pa tsiku loyamba, limanyamula bala la moyo wonse. Bukuli sindilipeputsa. Anthu ambiri oleredwa ndi ena adaliwerenga n'kuona kwa nthawi yoyamba kuti chisoni chimene ankachita nacho manyazi chili ndi dzina. N'zoonanso kuti khanda silibadwa lopanda chidziwitso: Anthony DeCasper ndi William Fifer adaonetsa mu 1980 kuti makanda a masiku osapitirira atatu amasintha kayamwidwe kawo kuti amve mawu a mayi awo m'malo mwa mawu a mkazi wina. Koma kuzindikira mawu a mayi n'kwina, ndipo kuvulala kosachiritsika n'kwina. Zimene zidapezeka kwa ana a ku Romania otengedwa msanga sizigwirizana ndi ganizo lakuti tsiku limodzi lolekana limalemba tsogolo lonse. Ndipo chiphunzitso chouza munthu aliyense kuti ndi wovulala, n'kumati akakana ndiye kuti akudzinamiza, chimamulanda ufulu wonena yekha za moyo wake, womwe ndi ufulu umene adalandidwa kale ali khanda.

Nanga kulekana kumalumikizana bwanji ndi botolo? Khanda silitha kudzitonthoza lokha. Likamva njala, kuzizira kapena mantha, thupi lake limadzaza ndi mphamvu ya nkhawa, ndipo limakhazikika pokhapokha wina akalinyamula. Zimenezi zikachitika kambirimbiri, thupi limaphunzira kuti mantha amatha. Jaak Panksepp adaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti tiana ta agalu tolira chifukwa chochotsedwa kwa mayi timasiya kulira tikapatsidwa morphine wochepa kwambiri. Thupi lili ndi mankhwala akeake ofanana ndi morphine amene amatuluka tikakhala pafupi ndi otikonda, ndipo heroin amagogoda pa khomo lomwelo. Mu 1991, Dee Higley, Stephen Suomi ndi anzawo adafalitsa zimene adaona pa anyani a mtundu wa rhesus: amene adakula miyezi yoyamba popanda mayi, ali ndi anzawo a msinkhu umodzi okha, ankamwa mowa wambiri atakula, pomwe okula ndi mayi ankawonjezera kumwa akalekanitsidwa ndi gulu lawo. Munthu si nyani, koma dokotala wa ku America Edward Khantzian adaona zofanana mwa odwala ake pomwe adalemba mu 1985 kuti ambiri sagwiritsa ntchito mankhwala pofuna chisangalalo ayi, koma pofuna kuziziritsa ululu umene sakutha kuupirira. Kwa munthu amene thupi lake lidaphunzira msanga kuti anthu amachoka, mowa uli ndi ubwino umodzi woopsa. Supita kwina, sufunsa mafunso, ndipo umapereka chitonthozo chomwecho nthawi iliyonse. Kapu yoyamba ikatsika, chifuwa chimene chakhala chomangika kuyambira kalekale chimamasuka, ndipo munthu amaganiza kuti wapeza kwawo.

Chinthu chachitatu, chimene magazi kapena ukhanda sizingafotokoze, ndi chete. Kwa zaka zambiri maiko a azungu ankatseka nkhani ya mwana wotengedwa ngati manda. Ku England lamulo loyamba lololeza kutenga mwana lidakhazikitsidwa mu 1926, koma mpaka lamulo la mu 1975 ndi pomwe munthu wamkulu woleredwa ndi ena adapatsidwa ufulu woona chikalata chake choyamba cha kubadwa. Ku Australia, atsikana ambiri obereka asanakwatiwe pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi 1970 adakakamizidwa kupereka ana awo, ndipo ena adafotokozera aphungu ofufuza kuti pochira ankawatchinga ndi pilo kapena nsalu kuti asaone nkhope ya khandalo. Pa 21 Malichi 2013 nduna yaikulu Julia Gillard idapepesa m'malo mwa dziko lonse. Ana a amayi amenewa adakula akuuzidwa kuti ndi amwayi. Taganizirani mtolo umenewu. Mwana wina aliyense mayi ake akamwalira, anthu amasonkhana, amalira naye, amamuonetsa manda. Uyu wataya mayi, bambo, abale, dzina, nthawi zina ngakhale chilankhulo, koma tsiku la kutaya kwakeko ndi tsiku la chikondwerero kwa omulandira, ndipo akafunsa za kumene adachokera amaoneka wosayamika. Maliro osalira sachoka m'thupi. Harold Grotevant ndi Ruth McRoy, amene akhala akutsata mabanja 190 a ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1980, adapeza kuti kudziwana ndi banja lobereka sikusokoneza ana monga ankaopera, ndipo achinyamata okhutira ndi momwe akulumikizirana ndi kwawo kobadwira ankakhala ndi mavuto ochepa a khalidwe.

Wina anganene kuti ku Malawi kuno nkhaniyi si yathu, popeza mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo wamasiye amapita kwa agogo kapena kwa amalume, osati kwa alendo. Pali choonadi pamenepa. Mwana wokulira kwa achibale amasunga mfunda wake, amadziwa manda a makolo ake, ndipo amaona nkhope zofanana ndi yake, zinthu zimene oleredwa ku Sweden kapena ku America amazifunafuna zaka zambiri. Kutenga mwana kudzera ku khoti, ngakhale lamulo lake lilipo kuyambira mu 1949, n'kosowa, ndipo ambiri adakumva koyamba mu 2006 pomwe woimba Madonna adatenga mwana wa ku Mchinji amene bambo ake adali moyo. Koma tisadzitonthoze msanga. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 adaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu sakhala ndi kholo lomubereka. Ena mwa iwo amasamutsidwa nyumba ndi nyumba chaka chilichonse. Ena amatumizidwa ku tauni kuti akaphunzire n'kukasanduka antchito. Ena amamva zoona zake pa maliro, pogawa katundu, wina atapsa mtima n'kunena kuti iwe si wa pano. Ndipo m'nyumba zosungira ana, momwe osamalira amasinthana ndipo alendo amabwera kudzanyamula ana masabata awiri n'kukwera ndege, mwana amaphunzitsidwa mobwerezabwereza kuti wokukonda amachoka. Mnyamata wotere akadzapezeka pa kachasu kapena pa chamba, timati ndi wosamva, osafunsa kuti adagona m'nyumba zingati asanafike zaka khumi.

Zonsezi zikutiuza kanthu za kuchira. Choyamba n'chakuti mowa kapena mankhwalawo ayenera kuima, ndipo kwa munthu amene wamwa kwambiri nthawi yaitali kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kunjenjemera, kuona zilubwelubwe ndi kukomoka, motero pamafunika chipatala, monga cha Zomba Mental kapena cha St John of God ku Mzuzu. Koma kutsuka thupi n'kwa masiku ochepa. Ntchito yaitali ndi yophunzira kutonthozedwa ndi munthu m'malo mwa botolo, ndipo apa ndi pomwe woleredwa ndi ena amapunthwa mosiyana ndi anzake. Wina amakhala wodwala wabwino kuposa onse, womvera, wothandiza anzake, wosadandaula, chifukwa adaphunzira kalekale kuti malo ake m'nyumba amawalipira ndi khalidwe labwino. Alangizi amamutulutsa akumuyamikira osadziwa kuti sadawaonetse chilichonse cha mumtima. Wina amachedwa dala, amakangana, amasowa sabata imene mlangizi wanena kuti apita ku tchuthi, ngati akufuna kufulumizitsa kutayidwa kumene akukuyembekezera. Malo othandizira amene amathamangitsa munthu akangobwerera ku mowa kamodzi amatsimikizira munthu wotereyu zimene wakhala akukhulupirira moyo wake wonse. Malire ndi ofunika, ndipo kumwa kukhale ndi zotsatira zake, koma chitseko chisatsekedwe. Mphamvu yaikulu ya gulu la Alcoholics Anonymous, limene Bill Wilson ndi Bob Smith adayambitsa ku Akron mu 1935, ndimaiona pamenepa: msonkhano umapezeka pa malo omwewo ndi nthawi yomweyo sabata iliyonse, ndipo wogwa akabwerera amapeza mpando.

Pali amene amaopa kuti kukumba za ubwana kumapatsa chidakwa chodzikhululukira nacho. Mantha amenewa ndi oyenera kuwamvera, chifukwa munthu angathedi kunyamula mbiri yake ngati chikalata chomuloleza kupitiriza kumwa. Koma kumvetsa chiyambi cha ludzu sikuchotsa udindo. Kumangouika pa malo oyenera. Munthu alibe mlandu pa zimene zidamuchitikira ali kumbuyo, koma ali ndi udindo pa ana amene akumudikira kunyumba lero. Chimene chimabweza anthu ambiri ku mowa ndi manyazi, kudzimva kuti ndine chinthu chotayidwa chifukwa ndine woipa kuchokera pa kubadwa, ndipo mbiri yoona imachepetsa manyazi amenewo. Alangizi ambiri ankaphunzitsidwanso kuti zowawa za kale zisakhudzidwe mpaka munthu atakhala nthawi yaitali osamwa. Koma mu 2012 Katherine Mills ndi anzake ku Sydney adayesa kuchiza mabala a m'maganizo pamodzi ndi vuto la mankhwala, ndipo adapeza kuti mabalawo adachepa popanda vuto la mankhwala kukula. Kudikira kuti ululu udzakhudzidwe mowa utatha, chonsecho ululuwo ndi umene ukuitana mowa, n'kusiya munthu azungulire pamodzimodzi. Palinso chiyembekezo m'zimene Lee Robins adapeza pa asilikali a America obwerera ku Vietnam: mwa amene adakodwa mu heroin ku nkhondoko, pafupifupi mmodzi yekha mwa 20 ndi amene adakodwanso m'chaka choyamba atafika kwawo. Malo ndi anthu omuzungulira munthu akasintha, chibaba chimene chinkaoneka chosagonjetseka chimatha kufooka.

Ena mwa oleredwa ndi ena akasiya kumwa amayamba kufunafuna owabereka, ndipo masiku ano kuyeza magazi ndi malovu pamodzi ndi Facebook zafupikitsa ulendo umene kale unkatenga zaka. Ufulu umenewu ndi wawo, ndipo palibe ayenera kuwatsekereza. Koma kukumanako si mankhwala. Mayi angapezeke atamwalira, kapena atakwatiwa kwa mwamuna amene sadziwa kanthu, kapena naye ali chidakwa. Angakane kachiwiri. Ngakhale kukumana kosangalatsa kumadzutsa chisoni cha zaka zonse zotayika, ndipo munthu amene wangokwanitsa miyezi itatu osamwa akhoza kugwa usiku womwewo. Ndi bwino kupita ali ndi mlangizi kapena mnzake wa m'gulu amene akudziwa tsiku ndi ola la kukumanako, ndipo akudikira foni madzulo ake. Omulera nawonso ali ndi gawo lawo, lomwe ndi lovuta. Mwana akati akufuna kudziwa amayi ake omubala, mtima umalasidwa, ndipo pakamwa pamafuna kutuluka mawu akuti takulakwira chiyani. Kholo limene limameza mawu amenewo, n'kutulutsa m'sutikesi mapepala a ku khoti, kakhadi ka ku sikelo ndi dzina la mudzi, n'kufunsa kuti tipite limodzi kapena ufuna upite wekha, limamuuza mwanayo kuti angathe kulira amene adamutaya popanda kutaya amene adamulera.